Mawu a Malemu M'tibokosi

Mwamuna wake atamwalira, mawu ake anatsala akugwirabe ntchito.

Kampani yawo anaiyambira kuchipinda, awiriwiri. Mkaziyo ndiye anali wa manja. Ankalumikiza timawaya pathebulo lositira zovala, kupanga tibokosi tokumbutsa odwala nthawi yomwera mankhwala, makamaka okalamba ndi osaona. Mwamunayo anali wa pakamwa. Ankalowa m'kabati ya zovala, pakati pa majekete, kuti phokoso la mumsewu lisamveke, n'kumajambula mawu: "Agogo, nthawi yakwana. Imwani mankhwala, madzi akhale ambiri." Potuluka, thukuta lili kamukamu, ankati, "Mukaona ndachedwa, mudziwe kuti njenjete zandimaliza."

Matenda ake anawabisa mpaka tsiku limene anagwa pamasitepe. Madokotala atamuyeza anati chotupacho chinali chakalekale, ndipo mwiniwake ankadziwa.

Tsopano kampani inali ndi nyumba yakeyake, antchito odzaza holo, ndipo mayiyo aliyense ankamuti Abwana. Koma mzere woyesera tibokosi tatsopano ankaulambalala. Pamenepo tinkayankhula tonse nthawi imodzi, malemu uku, malemu uko. Antchito anazolowera, ankadya mabanzi awo osatembenuka n'komwe. Iye sanazolowere.

M'mawa wina mlamu wake, mng'ono wa malemu, amene ankayang'anira za makompyuta, anamuitanira mu ofesi n'kutseka chitseko.

"Alamu, khalani pansi kaye. Zipatala zikufuna tibokosi tizitchula mankhwala atsopano, ndipo achimwene mayina amenewo sanajambule. Tinayesa mawu a munthu wina, agogo akubweza tibokosito. Wina anati, 'Mwandichotsera mwana wanga uja, mwandiikira wolengeza mabasi.'"

"Ndiye mukuti titani?"

"Kompyuta ndaiphunzitsa mawu awo. Chilichonse chimene mungalembe apa, iwerenga ngati iwowo."

Anadina batani. Sipika inatchula mankhwala amene anatuluka malemu ali kale m'manda. Inali ndi kakokedwe ka malemu kaja kumapeto kwa mawu, ngakhale kampweya kamene ankapuma asanayambe chiganizo. Abwana anagwira m'mphepete mwa mpando.

"Zimitsani."

"Alamu..."

"Ndati zimitsani. M'bale wanu mwamudzutsa kuti adzagwire ganyu?"

Mlamuyo anawerama. "Nanenso sindigona nazo. Koma odwala akudumphitsa mankhwala."

Mlungu wonse Abwana sanapereke yankho. Kenako, nthawi ya nkhomaliro, antchito atatuluka, analowa mu ofesi muja yekha. Fani inkazungulira, makatani akugwedezeka. Anakhala pampando wa mlamu wake n'kulemba funso limene linamukhala pakhosi chimwalirire mwamunayo. Anadina batani.

"N'chifukwa chiyani simunandiuze kuti mukudwala?" anafunsa mawu a malemu.

Anachita kudzidzimuka ngati wamenyedwa mbama. Anali ataiwala kuti chinthucho sichiyankha, chimangowerenga. Funso lake lomwe linamubwerera, lofatsa, lopanda mkwiyo, ngati wobisa matenda anali iyeyo. Anafuna kulemba yankho, mawu oti "Pepani, ndinkaopa," kuti angowamva kamodzi kokha. Analemba "Pepani" n'kuima. Akanakhala akudzipepesa yekha pakamwa pa munthu wakufa. Anafufuta.

Mlamu wake pobwera anamupeza akadali pampandopo, maso ali psuu.

"Pangani," anatero Abwana. "Odwala asavutike chifukwa cha ine. Koma izitchula za mankhwala basi. Asadzapezeke wina akuiseweretsa, kaya kuiimbitsa nyimbo, kaya kutsatsa malonda. Ndipo ineyo musadzandilolenso kukhala pampando uwu."

"Ndamva, alamu."

Tibokosi tatsopano tinatuluka mvula isanagwe, ndipo tinayenda malonda kuposa takale. Tinafika ngakhale kumayiko amene malemu sanapondeko, kompyuta ikuwayankhulitsa zinenero zimene sankazidziwa. Abwana anasamutsira ofesi yake pamwamba, kutali ndi mzere woyesera uja. Sizinathandize kwenikweni. Nthawi zina ali m'basi, kapena pamzere kubanki, m'chikwama cha gogo wina munkamveka mawu aja, ndipo iye ankatembenuka asanaganize n'komwe, pakamwa patatseguka kale kuti avomere.