Osakupiza Mbaula

Kompyuta inati moto wanga ndi wozizira kuposa tiyi. Madigiri 60.

Mbaula inkayaka bwinobwino patebulo la mu labu, makala a mankhusu a mpunga ali psuu, kuwala kobiriwira kochokera m'makina a leza kukudutsa m'lawi ngati ulusi. Mpweya wotentha umabweza kuwala kochepa, wozizira umabweza kochuluka. Kamera imaona, kompyuta n'kunena kutentha kwake. Makinawo anali obwereka. Galimoto yodzawatenga inkayenera kufika 3 koloko, ndipo popanda manambalawa digiri yanga yachiwiri ikanathera pomwepo. Nthawi inali itadutsa 1 koloko.

"Mwina ndi utsi wakuphiri uwo," anatero a Henderson, omwe asamalira labuyi zaka makumi awiri. Kuphiri la Zomba tchire linkapsadi. Ndinatseka mawindo, n'kutsekera nyuzipepala kunsi kwa chitseko.

1,050. Mtima unakhala pansi. Nditawerama kuti ndilembe, madigiri anatsika n'kufika 80.

Kawiri konse zinatero. Kachitatu ndinangonamizira kulemba, maso ali pagalasi la windo. M'galasimo ndinaona a Henderson atatola chikuto cha fayilo, akukupiza mbaula mwachikondi. Phulusa linkauluka n'kumanyezimira m'kuwala kuja. Kamera inkaona phulusalo n'kumayesa chisanu.

"A Henderson, mukutani?"

"Moto umafuna kuzima, chemwali. Inu ophunzira moto mumangouyang'ana ngati wailesi yakanema."

Munthu wamkulu kuposa bambo anga, amene anandisungira makiyi Loweruka lonse, ndikanamuuza bwanji kuti wandiphera nthawi yonseyi? Ndinatenga nsalu yakuda.

"Kuwala kwapanja kukusokoneza. Tandigwirireni iyi pawindo. Manja onse awiri, chonde."

Anagwira. Tinadikira kuti phulusa likhazikike, mphindi khumi zomwe ndinalibe. Lawi linayamba kufupika.

"Ukuzimatu uwo."

"Usiyeni."

"Kungouzira pang'ono basi. Kwathu ku Mtiya mukanagona ndi njala inu."

"Nsaluyo ikutsika, a Henderson."

1,062. 1,058. Ndinkafunika manambala makumi anayi. Pa nambala ya 31 lawi linagwadira kumodzi, ndipo ndinapeza milomo yanga itasongoka kale, mpweya uli m'masaya. Ndinadzitseka pakamwa ndi dzanja.

"Ndakuonanitu," anatero a Henderson.

Lawi linadzuka lokha. Hutala ya galimoto inalira panja ndili pa 38. A Henderson anasuzumira kuseri kwa nsalu.

"Ndi Ramadhani, dalaivala. Malizani. Ndikamupatsa moni wautali."