A Mateyu Akwera Galimoto ya Boma

Kalata inafika Lolemba pa 3 February 2025. Inanena kuti Lachinayi pa 6 woyendera masukulu adzaona madipatimenti a sayansi m'masukulu awiri a kumwera kwa Mzimba: ya kudambo m'mawa, ya kuphiri 11 koloko.

Bambo Chawanangwa Shaba a ku sukulu ya kuphiri anali atagwirizira udindo wa mkulu wa dipatimenti zaka zitatu ndi miyezi iwiri. Ahedi sanabise mawu: lipoti likakoma udindo ukhazikika, likaipa upita kwa wina.

Masiku atatu anathera pa kukolopa labu, kumata matchati ndi phala, ndi kulemba mapulani a teremu yonse ndi zolembera zitatu zosiyana kuti asaoneke a tsiku limodzi. Chinatsala chimodzi. Pa ndandanda wa zipangizo panalembedwa kuti dipatimenti ili ndi chigoba cha mafupa a munthu, chapulasitiki. Masukulu asanu a m'deralo onse analemba chomwecho, koma chigoba chinali chimodzi basi, ndipo aphunzitsi ankachitcha a Mateyu. Mwambo wake unali wakuti woyendera akatuluka m'labu kukamwa tiyi, a Mateyu amatulukira pawindo n'kutsogola ku sukulu yotsatira.

Lachinayi, 9:40, a Shaba analandira a Mateyu pawindo la ku sukulu ya kudambo. A Tonny, a kabaza amene anagwirizana nawo, anadumphira kumbuyo.

"Yayi, aphunzitsi! Anthu akandiona ndi mafupa, mbwenu ntchito yanga yathera pompa."

"Ndi pulasitiki, a Tonny."

"Kaya pulasitiki, muwaveke."

Anawaveka jekete ya a Shaba ndi chipewa, nawafunditsa bulangete mpaka m'mphuno, nawamanga pakaliyala ndi mphira. A Shaba ankatsatira pa njinga yawo. Ulendo unali wa makilomita asanu ndi anayi. Atayenda anayi, tayala la kabaza linaphulika.

Nthawi ya 10:25 galimoto ya boma inaima pambali pawo. Woyendera masukulu, Mayi Kamwendo, anatsitsa galasi.

"Odwala?"

A Tonny ndiwo anayankha.

"Chomene, amama. Angotsala mafupa okhaokha."

"Akwezeni, tiwatule kuchipatala."

"Chipatala amakana," anatero a Shaba. "Akufuna ku sukulu ya kuphiri."

"Ifenso tikupita komweko."

Panalibe pothawira. A Shaba anakhala kumbuyo atawakumbatira a Mateyu, ndipo njinga yawo inatsala ndi a Tonny. Mayi Kamwendo anatembenuka, nawomba m'manja mwaulemu.

"Mwadzuka bwanji, agogo?"

"Akuti yewo," anatero a Shaba.

Msewu unali wokumbika ndi mvula, ndipo pa dzenje lililonse chibwano cha a Mateyu chinkalira gwegwegwe.

"Akuzizidwa agogowa," anatero dalaivala, natseka magalasi onse.

Pamlatho phazi la a Mateyu linagwa pansi pa mpando. A Shaba analiponda msanga ndi nsapato, nayamba kuyamikira mitengo ya paini ya ku Luwawa mokweza mawu, osapuma, mpaka pageti.

Ahedi ndi aphunzitsi anali atandanda pakhonde. Mayi Kamwendo anatsika, nakonza chitenje chawo.

"Muwatsitse bwino a Mateyu," anatero. "Phazi lamanzerelo linaguluka mu 2019. Ndawayendera kasanu ndi kawiri m'masukulu asanu, koma kukwera nawo galimoto n'koyamba lero."

Ahedi anayamba kuyang'ana denga la khonde ngati likudontha.

"Zoti ndi anu kapena ayi, anena ndi ana," anapitiriza Mayi Kamwendo. "Tiyeni ku Fomu 3."

M'kalasi munali ophunzira 54. A Shaba anaimika a Mateyu kutsogolo, nachotsa bulangete. Pasanathe mphindi, 51 anali atatuluka, ena pakhomo, ena pawindo. Mwa atatu otsalawo, awiri anali pansi pa desiki ndipo mmodzi anali mtulo. Mayi Kamwendo anawerenga, nalemba.

A Shaba anaona kuti udindo wapita, ndipo mantha onse anawathera. Ananyamula a Mateyu mpaka pawindo, nakuwira gulu limene linaunjikana ku bwalo la mpira.

"Iwe Marjory! Gwira apa pansi pa khosi lako. Wapeza chiyani?"

"Fupa, aphunzitsi!"

"A Mateyu alinso nalo, ili! Ndiye ukuthawa chiyani? Ukuthawa nalo!"

Ana anayamba kudzigwiragwira, akuseka, akusendera. Pofika 11:50 onse anali m'kalasi akukanganirana kuwerenga nthiti. Ena anapeza 24, ena 26, ndipo Marjory anawagwira chanza a Mateyu.

Lipoti linafika Lachisanu pa 14 March, ndipo ahedi analiwerenga mokweza mu ofesi. Choyamba: dipatimenti ilibe chigoba, ndandanda ukonzedwe. Chachiwiri: chigoba chilipocho chizikhala milungu iwiri pa sukulu iliyonse, motsatana. Chachitatu: Bambo Shaba akhazikitsidwe pa udindo, chifukwa mwa akulu a madipatimenti asanu a m'deralo ndi okhawo amene anaonekapo akuphunzitsa nacho.

A Shaba anapempha pepalalo, nawerenga okha kawiri, chala chili pa mzere wachitatu.