Khoma la Pakati pa Alamu

Kamzere kobiriwira ka pa kompyuta kanali katangoyamba kugona bwinobwino pamene khoma linagunda. Gu! Kanadumpha ngati mbuzi yolumidwa ndi mavu, ndipo ntchito ya m'mawa wonse inathera pomwepo. Mayi Chete anavula magalasi awo n'kuwaika pa tebulo pang'onopang'ono, kuopa kuti angawaponye.

Dzina loti Chete anawapatsa ndi ophunzira a payunivesitepo, chifukwa cha chikwangwani cholembedwa mawu omwewo chimene mayiwa anakhoma pa chitseko cha labu yawo. Mayiwa ankaphunzitsa fizikisi, ndipo kwa zaka zambiri ankafufuza mmene kutentha kumasinthira kuwala kodutsa m'kaulusi ka galasi kowonda kuposa tsitsi. Chimene chinatsala kunali kuyeza komaliza basi. Makina oyezera anachita kubwereka ku yunivesite ina atapempha mpaka kuuma kukhosi, ndipo eni ake ananeneratu kuti teremu ikatha adzabwera kudzatenga. Makinawo ankafuna bata la maola angapo popanda chogwedeza chilichonse. Ophunzira ankalowa m'chipindamo atavula nsapato.

Tsoka lake, kuseri kwa khomalo kunali chipinda cha a Injiniya, amene teremu yomweyo anabweretsa chimakina chofinya njerwa za simenti mpaka kuziphwanya, pofuna kuona kulimba kwake. Choipa kwambiri, a Injiniyawo anali alamu awo, akulu ake enieni a mwamuna wawo. Paja khoswe akakhala pamkhate sapheka. Munthu amene amabwera kwanu Lamlungu lililonse, kutha nyama m'mbale uku akuseka kuti mkazi wa mng'ono wake ndi wake yemwe, umayamba bwanji kumuuza kuti akukuphera ntchito?

Komabe tsiku limenelo mtima unawakwera, ndipo ananyamuka kuti akagogode. M'khonde anakumana ndi a Dekhani, mphunzitsi wa maphunziro othetsa mikangano, bambo wa mawu ofewa ngati thonje, amene sankatha kulankhula osanena kuti dekhani. Atamva nkhaniyo anagwira pachifuwa. Anati pachibale salowapo ndi mtima wotentha, ndipo mawu akatuluka sabwezeka. Anadzipereka kukhala mkhalapakati, koma anapempha chinthu chimodzi: awiriwo asakambirane za nkhaniyi, kaya kuntchito kaya kunyumba, mpaka iwo atakonza njira.

"Kuona maso a nkhono n'kudekha, mayi," anatero a Dekhani.

Mayi Chete anavomera, ndipo kunena zoona mtima unawapepuka. Kuyeza kuwala n'kosavuta poyerekeza ndi kuyang'ana mlamu wako m'maso.

A Dekhani anayamba kubwera pafupipafupi. Ankaika foni yawo pa tebulo kuti izijambula mawu, ati kuopa kuiwala. Pa ulendo woyamba womwe Mayi Chete ananena zimene ankafuna: alamu awo aziphwanya njerwa masana, iwo aziyeza m'mawa. A Dekhani anagwedeza mutu mwachifundo n'kunena kuti yankho salithamangira, ayambe amva kaye ululu wake. Munthu ukamufunsa za ululu tsiku ndi tsiku, ululuwo amaupeza ndithu. Tsiku lina khoma litagunda pakati pa zokambirana, mayiwa anapsa mtima n'kunena kuti kuphwanya njerwa si kafukufuku, aliyense wokhala ndi hamala angathe.

M'mawa mwake yankho linabwera. A Dekhani analipereka ndi nkhope yachisoni: "Alamu anu akuti iwo amamanga milatho yodutsapo anthu, sakhalira kupenyetsetsa kaulusi ngati telala wosowa makasitomala."

Bodza sankanena bambo ameneyu, ayi. Ankangotola minga yokhayokha uku n'kukaitula uko, n'kutolanso ya uko kubwera nayo kuno.

Lamlungu lotsatira mpando wa a Injiniya unakhala wopanda munthu, ndipo unakhala choncho mpaka ana anasiya kufunsa. M'khonde alamu awiriwo akakumana, wina ankapeza choti awerenge pa foni, wina ankaona chachilendo kudenga. Mwamuna wa Mayi Chete, amene ankagulitsa zitsulo za galimoto ndipo za mayunivesite sankazitsata, anapirira mpaka anatopa.

"Kodi anthu ophunziranu, pakamwa munasiya kuti?" anafunsa madzulo ena akudya. "Achimwene ali kuseri kwa khoma, inu mukutuma munthu ngati ali kutsidya kwa nyanja. Ndikalankhule nawo ine?"

Mkazi wawo anakana. Anati nkhaniyo ili m'manja mwa katswiri, ndipo kulowetsapo banja kungangoipitsa zinthu. Mumtima ankadziwa kuti chifukwa chenicheni ndi mawu a telala aja. Mwamunayo anangoti wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, n'kupitiriza kudya.

Mayi Chete anayesa njira zina. Kulawirira sikunathandize, chifukwa ophunzira a a Injiniya nawo ankalawirira, aliyense ndi njerwa zake. Loweruka ndi Lamlungu nyumba yonse ya malabu inkakhala yokiya, magetsi atazimitsidwa. Akadandaula kuti nthawi ikutha, a Dekhani ankati zinthu zikuyenda, mitima yayamba kufewa, adekhe pang'ono.

Teremu inatha. Anthu awiri anabwera ndi bokosi lamatabwa, kumasula makina aja mwaulemu, kuwakutira ndi zofewa n'kuwakweza m'galimoto. Anafunsa ngati zotsatira zinali zabwino. Mayi Chete anati zinali bwino ndithu, n'kuwathokoza. Zimene anali nazo zinali zidutswazidutswa zoti palibe magazini ya asayansi imene ikanazilandira. Anthuwo atapita, mayiwa anakhala pampando osalira, koma mumtima munali mowawa ngati ndulu.

Patapita masabata angapo panali tsiku loti aphunzitsi aonetse kafukufuku wawo m'holo yayikulu. Mayi Chete analibe choonetsa, koma anapita kuopa kunenedwa, n'kukhala kumbuyo. Atatha kulankhula mphunzitsi wa zamagetsi a dzuwa, anaitana a Dekhani.

Bamboyo anafotokoza kuti ankafufuza zimene zimachitika anthu okangana akapanda kukumana maso ndi maso. Anasankha mikangano ingapo ya payunivesitepo. Ena anawakhazika pamodzi sabata yomweyo, ndipo nkhani zawo zinatha tiyi asanazizire. Ena anawasiyanitsa dala kuti akhale poyerekezera. Kenako pa chinsalu panaoneka chithunzi chojambula pamanja: khoma pakati, uku Mayi A, uku Bambo B.

Anawerenga mawu a hamala aja, anthu n'kuseka. Anawerenga a telala, holo yonse inafa nacho chiseko, mitu ikutembenukira kumbuyo. Mayina anabisadi, koma pa yunivesite yonse ophwanya njerwa pafupi ndi labu ya fizikisi analipo angati?

"Chochititsa chidwi n'chakuti," anapitiriza a Dekhani ndi mawu awo athonje, "m'sabata yoyamba yomwe, aliyense payekha anapereka yankho lofanana: njerwa masana, kuyeza m'mawa. Koma popeza sanakumane, palibe anadziwa maganizo a mnzake."

Chowawa kwambiri kwa Mayi Chete chinali chakuti, monga wasayansi, anaona kuti kafukufukuyo anakonzedwa bwino. Pofufuza mankhwala pamakhala gulu limene salipatsa mankhwalawo kuti aone mmene matenda amakulira. Gulu limenelo anali iwo ndi alamu awo. Anayang'ana mbali ina ya holo n'kuona a Injiniya atawerama, dazi lawo likunyezimira ndi thukuta. Wina anafunsa ngati anthuwo anauzidwa kuti akufufuzidwa. A Dekhani anamwetulira n'kuyankha kuti akanauzidwa zotsatira zikanasokonekera, ndipo akuluakulu a kutsogolo anaomba m'manja.

Potuluka, a Dekhani anawatambasulira dzanja pakhomo. Mayi Chete analiyang'ana dzanjalo ngati nsanza yopukutira pansi, n'kudutsa.

Atafika ku nyumba ya malabu anapeza chitseko cha a Injiniya chili chotsekula. Mwini wake anali ataima pafupi ndi chimakina chija, manja ali m'matumba, ophunzira atawathamangitsa onse. Kuchoka pa chitseko cha mayiwa kufika pamenepo sipanali mtunda woti munthu n'kutuma mnzake. Zimenezi n'zimene zinawapweteka kuposa chiseko cha m'holo, chifukwa apa panalibe Dekhani woti amuloze chala.

"Ine ndinati m'mawa ukhale wanu, alamu," anayamba a Injiniya osakweza maso. "Ndimayesa mwakana, mukufuna ndichotseretu makina anga."

"Nanenso ndinapempha m'mawa womwewo. Ndimayesa mwakana ndinu."

A Injiniya anayesa kuseka, n'kunena kuti telala ndi wa hamala aphunzitsidwa nzeru ndi munthu wopanda ngakhale sikuludiraiva, koma nthabwalayo inagwa pansi osatoledwa. Kenako anafunsa ngati makina aja angabwerekedwenso. Mayi Chete anapukusa mutu. Makinawo anali atapita kale kwa ofufuza ena, ndipo mzere wa odikira unali wautali kuposa zaka zimene zinawatsalira pantchito.

"Ndazimitsa zonse," anatero a Injiniya motsitsa. "Bata munkalifuna lija ndi limeneli."

Mayi Chete analowa m'labu yawo n'kutseka chitseko. Munalidi bata, bata lenileni limene analipempherera teremu yonse. Ankamva ngakhale kupuma kwawo komwe. M'bata lotere kamzere kaja kakanagona tsiku lonse osatekeseka. Pa tebulo panali fumbi, ndi timalo tinayi toyera pomwe panaponda miyendo ya makina.

Anatuluka, kuzula chikwangwani cha Chete pa chitseko n'kuchiponya m'bini. Atabwerera mkati anapita pa khoma lija, n'kuchita zimene akanachita tsiku loyamba: anagogoda ndi chibakera.

"Alamu!"

"Ee, alamu?" Mawu anamveka bwinobwino kuchokera kuseriko. Khomalo silinali lochindikala n'komwe.

"Yatsani makina anu, ana asalephere mayeso. Kuno kulibenso choti chigwedezeke."