Paipi Imodzi Yotentha, Ina Yozizira

Anthu oyandikana naye ankangomutchula kuti Nankhuku, ndipo iye sankakana, poti nkhuku ndizo zinkamudzutsa m'mawa ndi kumugoneka madzulo. Masabata awiri aliwonse ankakwera chigalimoto chakale cha pabanjapo, chija chokoka ndi mateyala onse anayi, n'kudutsa phiri kukatenga anapiye obadwa kumene kwa oswetsa mazira. Msewu wake unali wa miyala ndi makwawa, woti tigalimoto tating'ono tinkabwerera panjira.

Chisanu chitayamba, ulendo wina anabwerako nkhungu itakuta phiri lonse. Anapotoza kabatani ka hita mpaka kumapeto, koma mphepo imene inkatuluka inali yofunda pang'ono chabe, ngati mpweya wa m'kamwa. Atafika pakhomo n'kutsegula makatoni, anapeza anapiye ataunjikana m'makona, makumi awiri ndi atatu atafa, ena ndi kuzizira, ena kupsinjidwa ndi anzawo. Anawatola mmodzimmodzi.

Mwamuna wake, mphunzitsi wa masamu, anaima pambali manja ali m'thumba. "Pita nayo kugaraja," anatero. Anapitadi, koma makaniko wa kumeneko ntchito inali itamuchulukira. Anangosuzumira n'kunena kuti pafunika kumasula dashibodi yonse, ndipo mpata upezeka pakatha masabata atatu. Chonsecho anapiye ena anali oti akatengedwe Lachinayi la sabata yotsatira.

Apongozi ake aamuna ankakhala m'chipinda cha kuseri chichitireni ng'ala maso awo. Anagwira umakaniko zaka makumi atatu ndi zisanu, koma tsopano ntchito yawo inali kusuntha mpando kutsata dzuwa. Nankhuku ankawapatsa madzi osamba ndi chakudya mwaulemu wonse, koma pa zaka zisanu ndi zitatu za banja lake anali asanachezepo nawo kupyola moni.

Loweruka m'mawa, akudutsa ndi thumba la chakudya cha nkhuku, anamva akumuitana.

"Mayi, tabwerani. Ndamva kuti hita yafooka. Fani ikupemerera?"

"Ikupemerera bwinobwino, bambo, koma mphepo yake ndi yozizira."

"Ndiye wakuti mumasule dashibodi ndani? Tandigwirani dzanja, mundifikitse pagalimotopo."

Nankhuku anatula thumba lija. Anachita manyazi kugwira dzanja la apongozi, koma analigwira. Atatsegula boneti, nkhalamba ija inapapasa m'mphepete mwa injini pang'onopang'ono ngati ikupereka moni kwa mnzake wakalekale.

"Injini ndi yozizira, choncho mukhoza kutsegula chivindikiro cha rediyeta. Ikakhala yotentha musadzayerekeze, mungapse nkhope. Madzi ali pati?"

"Ali pakhosi penipeni."

"Chabwino, si madzi ayi. Tsekani, mulize injini, muziyang'ana singano ya kutentha."

Anadikira. Nankhuku anali pampando wa woyendetsa, apongozi atatsamira chitseko, mutu utapendekera kumbali kumvetsera injini. Patapita mphindi khumi singano inakwera n'kuima pakati.

"Ikadakhala pansipansi tikadati injini sikutentha mokwanira," anatero. "Koma yafika pakati, ndiye injini ilibe mlandu. Zimitsani. Kumbuyo kwa injini kuli timapaipi tiwiri tolowa m'khoma, kupita m'kati momwe mumakhalamo. Mwationa? Tagwirani kamodzi, mosamala."

Nankhuku anagwira n'kubweza dzanja msanga. "Ayi, kakuotcha!"

"Nanga kachiwiriko?"

"Aka ndi kozizira, bambo. Ngati sikakugwira ntchito."

Apongozi anaseka, koyamba iye kuwamva akuseka mokweza chotero. "Basi, tamugwira wakuba. Kuseri kwa khomalo kuli karediyeta kakang'ono. Madzi otentha amalowa ndi paipi iyi, fani n'kupemerera kutenthako kwa inu, madziwo n'kutuluka ndi inayo. Ngati akulowa koma osatuluka, ndiye kuti kadzaza dzimbiri."

Anasiya injini kuti izizire, Nankhuku n'kukamwetsa nkhuku. Atabwerako anapeza apongozi atatulutsa bokosi lawo la zitsulo lomwe linkakhala kunsi kwa bedi. Chitsulo chilichonse ankachidziwa ndi zala. Anamupatsa pulayala, n'kumuuza aike beseni kunsi kwa galimoto. "Madzi a mu injini amakhala ndi mankhwala. Galu kapena nkhuku ikanyambita, tilira maliro ena."

Timapaipi tija tinali titakakamira. Nankhuku anakoka mpaka thukuta, chala n'kusupuka pachitsulo.

"Musakoke. Potozani kaye uku ndi uku mpaka kavomere."

Kanavomera. Anatenga paipi yothirira dimba, n'kuilumikiza kumene madzi amatulukira, kuti dothi libwerere njira imene linalowera. Apongozi anamuchenjeza kuti atsegule mpopi pang'ono pokha, poti karediyetako ndi kanthete, kakhoza kuphulika. Poyamba sipanatuluke kanthu. Kenako kunamveka kutsokomola, ndipo m'beseni munagwa chiphala chofiira ngati matope a m'dzenje la njerwa.

"Mayo, bambo, zonsezi zinali m'menemu?"

"Ndi zamtundu wanji?"

"Zofiira, za tizibuma."

"Pitirizani mpaka madzi ayere."

Anataya mabeseni anayi m'dzenje kuseri kwa mpanda n'kukwirira. M'beseni lachisanu madzi anatuluka oyera. Anabwezera timapaipi, kumanga, kudzazanso rediyeta, n'kuliza injini. Nankhuku anaika chikhatho pamene pamatulukira mphepo. Singano inafika pakati, koma mphepo inali yozizira kuposa kale, ndipo kuseri kwa dashibodi kunkamveka kulira ngati m'mimba mwa munthu wanjala. Anayang'ana apongozi.

"Bambo, ndaononga. Tsopano yazizira kotheratu."

"Simunaononge kanthu. Phokoso limenelo ndi mpweya, walowa pamene tinamasula. Ndine ndaiwala kukuuzani, ukalamba uwu. Pageti paja pali kachitunda, eti? Kaimitseni pamenepo, mphuno kumwamba."

Anatero. Injini itaziziranso anatsegula chivindikiro, n'kuiliza chili chotsegula. Thovu linayamba kutuluka, lalikulu kenako laling'ono, madzi n'kumatsika, iye n'kumawonjezera. Apongozi ankafinya paipi yaikulu ya pamwamba pang'onopang'ono ngati akukama ng'ombe. Thovu litatha anatseka.

Apa m'pamene mwamuna wake anatulukira, atanyamula makope oti achonge. Anapeza mkazi wake ali ndi oilo mpaka m'zigongono, bambo ake atakhala kutsogolo m'galimoto, zikhatho zonse ziwiri atazitambasula pamphepo yotentha.

"Nanga izi? Mwakonza?"

"Takonza, ife amakaniko," anayankha bambo akewo. "Iwe ndinakuphunzitsa zaka khumi, mpaka lero sipanala umaigwira ngati choko. Awa m'mawa umodzi wokha."

Mphunzitsi anaseka n'kukanda kumutu. "Ine ndinakubweretserani wophunzira, bambo. Imeneyo ndi mbali yanga."

Nankhuku anatembenukira kwa apongozi. Anati, "Bambo, mwandivula chimtolo. Sindinagone bwino chifere anapiye aja."

"Inenso mwandithandiza, mayi," anatero motsitsa mawu. "Papita zaka zinayi munthu osandifunsa kanthu kena, kupatula kuti ndadzuka bwanji."

Lachinayi Nankhuku anapempha apongozi kuti amuperekeze, ati mwina galimoto ingavute panjira. Apongozi anavala jekete ndi chipewa, n'kukhala atakonzeka iye asanamalize n'komwe kusesa m'khola. Pobwerera nkhungu inaliponso paphiri, koma m'galimoto munali motentha mpaka apongozi anavula jekete lija. Anapiye mazana atatu ankalira kumbuyo, ndipo nkhalamba inapempha katoni imodzi kuti iinyamule pamiyendo. Inalowetsa chala pakabowo, anapiye n'kumachijompha.

Atatsika phiri, galimoto inagunda dzenje, kumbuyo n'kumveka kugogoda.

"Mwamva?" anafunsa apongozi.

"Ndamva, bambo. Kwakhala kukutero chaka chonse."

"Ndi labala wa sipulingi ya kumanzere, wadyeka. Loweruka mudzavale zovala zoti zide."