Zomwe Foni Inawerengera Achemwali

Mayi wokonza webusaiti atandiuza kuti pofika Loweruka anthu osaona azitha kugula okha m'sitolo yathu ya pa intaneti, ndinaomba m'manja ngati wopusa. Kenako anafotokoza kuti foni ya munthu wosaona imawerenga mokweza chilichonse cha pa tsamba, ngakhale timawu tolembedwa kuseri kwa chithunzi, tomwe ife openya sititiona. Timawu timeneto ndinkatidziwa bwino, poti wolemba wake ndinali ine.

Sitoloyi ndi ya anthu awiri. Achemwali anga amasoka madiresi, ine ndimajambula, kuika pa intaneti ndi kutumiza katundu. Chaka chatha matenda a shuga anawalanda maso, koma makina osokera anakana kuwasiya. Amasoka ndi zala, ndipo zambiri zimatuluka bwino ndithu. Zina ayi. Msoko kukhota, kolala kupendekeka, ulusi wofiira pa nsalu yoyera. Ine ndi mantha angawa ndinkangoti zatuluka bwino, achemwali. Ndinkazijambula n'kuziika pa tsamba, chifukwa alamu anga amakonda kutsegula tsambalo n'kumauza akazi awo zomwe zalowa. Ndikatero ndinkalemba kuti zatha kugulidwa, n'kukazipinda m'katoni pamwamba pa wodiropu kwanga. Kabokosi ka mawu ofotokozera chithunzi kaja ndinkakayesa kope langa la chinsinsi. Ndinkalembamo zondikumbutsa, ndipo ndikatopa pakamwa panga sipasankha mawu.

Ndinapempha mayi uja kuti angofufuta zonse kamodzi. Anakana. Akuti mukasiya mopanda kanthu, foni imangoti chithunzi, chithunzi, chithunzi, ndiye munthu agula chiyani? Akuti ndilembe bwinobwino mtundu, kutalika, nsalu yake, khosi lake, ngati ili ndi matumba. Madiresi mazana atatu, masiku atatu, ha! Ndinadzitsekera m'kachipinda kolongedzera katundu, laputopu pa bondo, intaneti ikuyenda ngati ikudwala. Khomo la kosokera likangoti kwii, ine kutseka laputopu msanga, ngati kuti achemwali akanaona. Zoti ndigwidwe bodza ine ndikhoza kupirira, koma zoti iwo adziwe kuti mng'ono wawo wakhala akuwaombera m'manja zabodza chaka chonse, zimenezo ayi.

Lachisanu masana ndinafika pa diresi yomaliza, ndinapuma.

Loweruka m'mawa ndinawapeza achemwali atakhala kale pambali pa makina, atavala ngati akupita kuukwati, foni ili m'manja. Alamu anali chilili pakhomo ndi kapu ya tiyi. Mayi wa webusaiti anawasonyeza koyambira basi, zotsalazo anachita okha. Chala kutsetsereka, foni kuyankhula. Diresi yobiriwira ya thonje, yofika m'maondo, matumba awiri. Achemwali anaseka, nati matumbawo ndi atatu, lina lili mkati, kodi wojambulawe maso uli nawo ngantchito yanji? Tonse tinaseka, ine kuposa onse. Anasankha kukula kwake, anaika m'dengu, anafika mpaka polipirira popanda wowagwira dzanja. Ndinayamba kumva kuti ndapulumuka.

Kenako anati akufuna kumva ya chikasu ija, yomwe ndinawauza kuti inagulidwa tsiku lomwelo. Foni inawerenga zomwe ndinakonza: diresi ya chikasu, manja aafupi, kolala yozungulira. Chala chawo chinatsetserekanso kumanja. Apo mpamene ndinakumbukira kuti diresi iliyonse ili ndi zithunzi zitatu, chakutsogolo, chakumbuyo ndi chapafupi. Ine ndinali nditakonza zakutsogolo zokha.

Foni ilibe manyazi. Inawerenga ndi mawu omwe aja, osakwera osatsika: "Za achemwali. Msoko ngati njira ya woledzera. Osagulitsa."

Alamu anaika kapu pansi. Mayi wa webusaiti anayamba kufufuza zosadziwika m'chikwama chake. Ine ndinakhala pa mulu wa nsalu. Achemwali anagogoda foni kuti ibwereze, ndipo inabwereza. Anapita pa diresi ina, kenako ina, akumvetsera chithunzi chachiwiri chokha.

"Zilipo zingati?" anafunsa.

"Khumi ndi zinayi."

"Zili kuti?"

"Kwanga, m'katoni."

Ndinayamba kulongolola kuti sindinafune kuwakhumudwitsa, kuti zambiri n'zabwino, kuti makasitomala amaziyamikira, zomwe zinali zoona. Anandidula ndi dzanja. Sanakalipe, ndipo bwenzi zili bwino akanakalipa.

"Chaka chonse ndakhala ndikufunsa iwe, ndikufunsa bambo akowa, kuti kolala yakhala bwanji. Nonse mumati bwino. Woyamba kundiyankha ngati telala ndi foni."

Alamu anayang'ana pansi, ndipo ndinazindikira kuti nawonso ankaona misoko ija n'kumakhala chete.

Mayi wa webusaiti ananong'ona kuti mawuwo atha kuwachotsa pompo. Achemwali anati awasiye kaye, sanamalize kumvetsera. Anatembenuzira nkhope komwe kunali ine, kuphonya pang'ono, nandiuza kuti ndipite ndikatenge katoni ija, ndipo pobwera ndisawapatse moni wa mawu okoma, koma ndidzawauze zoona za diresi iliyonse.