Nkhoswe Yapita Kugalaja

Apenta analowa m'nyumba chammbali, katoni atakumbatira pachifuwa, akukankha chitseko ndi phewa. Pabalaza panali patadzaza kale. Mipando yobwereka kwa aneba inafika mpaka pakhomo la kukhitchini, ndipo patebulo loyalidwa nsalu yoyera makandulo ankadikira machesi.

"Alamu, mwanyamula khanda kodi?" anafunsa mng'ono wa mkazi wake, mtsikana wosasunga mawu m'kamwa. "Kapena mwatigulira kanema kuti tiiwale zoti mwachedwa?"

"Dikirani muone, alamu. Lero mundipatsa ulemu."

Dzina loti Apenta analitengera kugalaja, komwe ankawongola ndi kupenta magalimoto ochita ngozi. Munthuyu ankadana ndi pokalika. Akaona kamzere pachitseko cha galimoto, ngakhale ya munthu wosamudziwa, chala chinkamuyabwa.

M'katonimo munali Nkhoswe. Umu ndi mmene banja la mkazi wake linkatchulira chiboliboli cha Yosefe Woyera, chotalika ngati mkono, chimene kholo lawo lina linasema litangobatizidwa. Kuyambira pamenepo mtundu wonse unadziika m'manja mwa woyerayo, ndipo chaka chilichonse pa tsiku lake, akachoka ku Misa, abale ankasonkhana kwa wamkulu wa banja kudzapemphera. Wamkulu tsopano anali apongozi ake a Apenta, a Sitima, amene anakalambira kunjanji. Shuga anali atawadya maso, mutu nawonso unayamba kutaya zinthu. Ankatha kudya, kusamba m'manja, kenaka nkufunsa ngati chakudya chapsa. Akazi awo atamwalira chaka chatha, mwana wawo make mapasa, mkazi wa Apenta, anawatenga kudzakhala nawo, ndipo Nkhoswe inabwera nawo limodzi.

Zaka zonse za ukwati wake, Apenta anali asanakhalepo m'kati pa mapemphero amenewa. Mkamwini malo ake anali panja: kunyamula mipando, kuthamangira zakumwa, kutembenuza nyama pamoto. Ankangomva mawu a nkhalamba pawindo ndi anthu akuyankha. Tsono Nkhoswe itafika m'nyumba mwake nkuiona pafupi, mtima unamuwawa. Inali yakuda bii ndi utsi wa makandulo, mkanjo wonse uli timabala tokhatokha, tina m'mapazi, tina kumsana. Iye anati ndi chiswe, kapena ana osamva a makedzana. Sabata imene a Sitima anagonekedwa m'chipatala, make mapasa akuwadikirira, anaitenga mwakachetechete kupita nayo kugalaja. Anaipala ndi sandipepa mpaka mtengo unayera, anamata timabala tonse ndi fila, phala lija amatsekera mabowo a galimoto, anapalanso, nkuipopera penti. Ntchito inali yabwino, tisanamizane. A Sitima atatuluka m'chipatala dzulo lake nkufunsa Nkhoswe, iye anangoti yapita kukapukutidwa fumbi, ibwera mawa.

Ndiye mawa lija linali lafika. Apenta anaika katoni patebulo, nachotsa thaulo pang'onopang'ono kuti anthu aone bwino.

Yosefe Woyera anatuluka ali phuliphuli, mkanjo wobiriwira, ndevu zonyezimira. Ana anaomba m'manja.

"Akuluakulu sananame," anatero mlamu uja. "Mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa. Alamu, mwamubweza ku unyamata."

Koma akuluakulu amene anali m'chipindamo sanaombe m'manja. Azakhali, mlongo wawo wa a Sitima, anagwira pakamwa. Make mapasa anali ataima pakhomo la kukhitchini ndi thireyi ya makapu.

"Bambo a mapasa," anatero chapansipansi, "mwatani?"

"Yafika?" anafunsa a Sitima ali pampando wawo wa ndalema. "Ndipatseni kuno. Yatsani makandulo."

Panalibe woti akane. Azakhali anainyamula nkuiika pamiyendo pa mchimwene wawo. Nkhalamba inachita chizindikiro cha mtanda, inapukuta manja pathalauza, nkuika chala chachikulu m'munsi mwa mkanjo. Chala chinatsetsereka. Inabwerezanso. Inatembenuza chiboliboli, kusisita kumsana, m'mapazi, paphewa. Kenaka inachinunkhiza.

"Mwandipatsa chiyani? Chikununkha minibasi."

Wina anayamba kuseka, koma kuseka kwake kunafera panjira.

"Ndi Nkhoswe, bambo," anatero Apenta. "Ndinangoikonza pang'ono. Inali itakumbikakumbika."

"Nanga anthu ali kuti?"

"Tonse tili pano, bambo."

"Sindikunena inu. Anthu ali kuti?"

Apa mpomwe make mapasa anatula thireyi pansi, nkumuuza mwamuna wake pamaso pa onse chimene aliyense wobadwira m'banjamo ankachidziwa. Timabala tija sichinali chiswe. Munthu wa pamtundu akamwalira, wamkulu wa banja ankatenga mpeni nkudula kabala pa Nkhoswe, kumupereka wakufayo m'manja mwa woyera. Wina ankamudula paphazi poti ankatsimphina, wina paphewa poti anasenza banja lonse. Pa tsiku ngati lalero wamkulu ankayendetsa chala pa kabala kalikonse nkutchula dzina, onse nkuyankha kuti, "Nkhoswe yathu, muwapempherere." A Sitima ankaiwala mayina a adzukulu awo amoyo, koma chala chawo chikagwera m'kabala, dzina linkatuluka lokha.

Apenta anafuna mpando, koma yonse inali ndi anthu.

"Palibe kanthu," anatero a Sitima. "Ndiwatchula pamtima. Tiyambe ndi amene anasema. Ameneyo anali... anali..."

Anthu anadikira, yankho lili kale pamilomo. Kandulo imodzi inadontha pansalu. Nkhalamba inatchula bambo ake, onse nkuyankha. Inatchula mai ake, nkuyankhanso. Kenaka chala chinayendayenda papenti yosalala ija ngati munthu wofuna chitseko mumdima.

"Panali uja anamira pamtsinje," anathandiza azakhali.

"Dzina?"

Azakhali anayang'ana kudenga. "Paja ankati ndani? Inu ana, chaka chilichonse mumamva."

"Ife timangoyankha, zakhali," anatero mlamu uja, nthabwala zitamuthera.

Zinalidi choncho. Aliyense ankati bambo alipo, Nkhoswe ilipo, tidzaphunzira. Anayesa kusonkherana: uyu akumbuke wopunduka mwendo, uyo akumbuke mapasa a makedzana amene anafa tsiku limodzi, koma mayina enieni ndi ndondomeko yake panalibe anali nazo. Anthu a mibadwo ingapo anali atatsekeredwa pansi pa fila.

"Mai anu ndinawadula ndekha," anatero a Sitima. "Apa, pafupi ndi chala cha phazi. M'mawa uliwonse ndimawapatsa moni." Anakanda pamalopo ndi chikhadabo, koma penti ya Apenta sinali yoti nkukandika ndi chikhadabo. Misozi inatsika m'maso osaona aja. "Chichotseni ichi. Si changa."

Mapemphero anathera pomwepo. Nyama inadyedwa ndi ana okha. Azakhali potuluka anaima pamaso pa Apenta, akumanga mpango.

"Kalumo kanu kaja, mkamwini, kameta ndi khungu lomwe. Safunsa anadya phula."

Apenta anayamba kutolera mipando ya aneba.

Alendo atapita, anamupeza mkazi wake kuseri kwa nyumba akutsuka makapu otsukatsuka kale.

"Bwanji sunandiuze, make mapasa? Zaka zonsezi."

"Ndimayesa mukudziwa."

"Ndikanadziwira kuti, ine ndili panyama?"

"Nanga inu bwanji simunafunse? Chinthu cha eni ake, kungonyamula ngati bampala ya galimoto?"

"Ndimafuna ndiwasangalatse bambo. Chikwatire iwe, sanandiyamikepo pa kanthu. Ndinati mwina apa."

Mkaziyo anasiya kapu m'madzi. Sanakalipe, ndipo kusakalipako nkomwe kunamupweteka kwambiri Apenta.

"Amai anga munawapala ndi sandipepa," anatero. "Ndikudziwa simunachitire dala. Koma ndikakuyang'anani m'manja, ndikuona zomwezo."

M'mawa mwake Apenta anapita nayo Nkhoswe kugalaja. Anakankhira pambali galimoto ya kasitomala, nakhala pabenchi ndi lezala ndi kasingano. Anachotsa penti mosamala ngati akusenda dzira. Pamene kabala kanali kakuya, fila ankaoneka, ndipo ankamutokosa mpaka atuluke, koma dzenje lotsala linkakhala lalikulu, la m'mbali mosalala, losafanana ndi lakale. Timabala tosaya, takale kwambiri, tinali titapita ndi sandipepa, tinasanduka fumbi lomwe iye mwini anasesa nkukataya. Malo ena ankangoganizira, ndipo lezala inkalowa pamtengo wabwinobwino. Anzake a pagalaja, amene tsiku lililonse ankamuseka, tsikuli anangomudutsa.

Madzulo anagwada pafupi ndi mpando wa ndalema nkuiika pamiyendo pa apongozi ake.

"Ndayesa kubwezeretsa, bambo. Tayesani."

Chala chinayamba ulendo wake. Chinaima padzenje lina, kuzungulira, kupitirira. Chinaima pena. Nkhope ya nkhalamba inali ngati ya munthu amene wabwerera kumudzi kwawo nkupeza nyumba zonse ndi za alendo. Kenaka chinagwera pamene lezala inaphonya, pabala latsopano la m'mbali mokuthwa.

"Uyu ndani?" A Sitima anadzuka pang'ono pampando. "Ili ndi bala la dzulodzulo. Kwamwalira ndani osandiuza? Make mapasa! Ana ali kuti?"

"Onse ali bwino, bambo. Palibe wamwalira."

"Mukundibisira. Wadula ndani, ine ndili moyo?"

Zinatenga nthawi kuti akhazikike. Anachita kuwaitanira mapasa aja kuti awagwire kumutu mmodzimmodzi. Chakudya anakana. Make mapasa anayesa kuwatonthoza kuti Mulungu mayina onse akuwadziwa, palibe amene watayika.

"Mulungu akuwadziwa, inde," anayankha a Sitima. "Koma anandisungitsa ine."

Tsiku lotsatira anadzuka ataiwala zonse: phwando, penti, bala latsopano. Chimene chinatsala m'mutu mwawo ndi mawu aja anamva potuluka m'chipatala. Dzanja linapapasa pakatebulo ka pambali pa bedi, pamene Nkhoswe inkakhala.

"Sinabwerebe kopukutidwa kuja?"

Make mapasa anali ataima ndi kapu ya tiyi. Apenta anali pakhomo, atavala kale ovolosi. Chiboliboli chinali pamwamba pa kabati, chokulungidwa m'thaulo, mamita awiri okha kuchokera pabedipo. Mkaziyo anayang'ana kabati, anayang'ana mwamuna wake, anayang'ana bambo ake. Kuwapatsa kunali kuwaliritsanso maliro omwe aja, lero, mawa ndi mkuja, tsiku lililonse ngati koyamba.

"Sinabwere, bambo," anatero. "Ikadali kugalaja."

"Chabwino. Asathamange nayo." Nkhalamba inalandira tiyi nkumwa bwinobwino.

Kuyambira tsiku limenelo, a Sitima akafunsa, Nkhoswe inkakhala ili kugalaja. Thaulo lija linasamukira m'sutikesi, sutikesi pansi pa bedi la Apenta, ndipo iye ankagona pamwamba pake. Azakhali ankati akakumbukira dzina amaimba foni, koma mawa lake ankaimbanso kuti ayi, ameneyo anali wa kuchimuna kwa amuna awo. Madzi akatayika saoleka. Kugalaja Apenta ankagwirabe ntchito, poti ana ayenera kudya, koma akagwira sandipepa ankayamba waima kaye, kusisita pokalikapo ndi chala, mpaka mwini galimoto kufunsa ngati pali vuto.

Chimene ankachiopa kwambiri chinali kubwerera kunyumba. A Sitima ankadziwa kulira kwa geti, ndiponso fungo la penti.

"Ndi mkamwini ameneyo?"

"Ndine, bambo. Mwaswera bwanji?"

"Mwabwera nayo?"

"Sinathe, bambo."

Tsiku lina nkhalamba inamukodola kuti asendere pafupi. Inafufuza dzanja lake nkuligwira, chinthu chimene inali isanachitepo chikwatire iye m'banjamo. Inasisita zikhatho zokhakhala zija nkugwedeza mutu mokhutira.

"Manja a ntchito awa. Ine ndinkakuyesani wopupuluma, koma ndaona mukuitenga mofatsa. Mwachita bwino, mwana wanga. Anthu ena akanangoipukuta tsiku limodzi nkubweza."

Kukhitchini mipope inasiya kulira, make mapasa anali akumvetsera.

"Koma chimodzi chokha," inapitiriza nkhalamba, ikutsitsa mawu ngati ikumuuza chinsinsi. "Popukutapo musamale timabala tija. Muli anthu mmenemo. Apongozi anu aakazi ali pafupi ndi chala cha phazi, kumanzere. Mukafika pamenepo muziwapatsirako moni, muziti ndikubwera."

"Ndiwapatsa, bambo," anatero Apenta.