Windo la Kumbali kwa Sitolo

Liseli anali atanyamula jekete la bambo ake, osadziwa kuti aliike pa mulu uti. Zovala za malemu Lubosi, bambo akewo, zinali zitayalidwa pabwalo la nyumba yawo ku Dambwa, achibale akugawana mwa mwambo: nsapato kwa uyu, malaya kwa uyo. Jekete linkanunkhabe fumbi la mumsewu. Chiyambire maliro anthu ankamuuza kuti alire, apepukidwe. Nayenso ankafuna kulira, koma mumtima mwake munangoti zii, ngati m'chipinda chomwe atulutsamo katundu.

Nyambe, mkulu wake wa malemu, amene anabwera kuchokera ku Senanga, anakoka bokosi lachitsulo pansi pa bedi n'kulitsekulira pabwalo pomwepo. Munali zithunzi zokhazokha. Anayamba kuzitembenuza chimodzichimodzi: masitolo akale a makonde aatali, nyumba za anthu a njanji, tchalitchi cha malata adzimbiri, zitseko, mizati, masitepe osweka.

"Mulamu, ni vichani ivi?" Nyambe anafunsa Mbololwa, amayi a Liseli. "Zaka zonse izi mung'ono wanga anali kujambula vipupa chabe?"

Mbololwa, atavala zakuda, sanadzutse mutu. "Ndiye vamene banakonda, mulamu."

Lubosi ankadyera kujambula maukwati ndi zithunzi za mapasipoti. Koma Loweruka lililonse m'mawa ankanyamula kamera n'kupita kukazungulira misewu yakale ya m'tauni. Kumeneko n'kumene anafera. Anagwa kutsogolo kwa sitolo ina yakale kuseri kwa msewu wa Mosi-oa-Tunya, kamera ataiimika kale pa miyendo yake itatu. Telala wosoka pakhonde la sitoloyo, a Kasonde, ndiye anaimbira Liseli foni. Kuchipatala anati unali mtima.

Nyambe anatseka bokosi. "Mawa tinyamuka m'mamawa, na basi ya kuseni. Bakulu ku Senanga sibanakwanise kubwela ku malilo. Bafunika kuona mukazi wake na mwana wake."

"Nizabwela na basi ya kumbuyo, batate bakulu," anatero Liseli.

"Ati bwanji?"

"Ba Kasonde bakamba kuti mawa bayamba kugwetsa sitolo ija. Batate sibanaijambule. Banagwa basanayambe."

Iye mwini anadabwa kumva mawu akewo akutuluka. Sanali atakonza zowanena.

"Nkhalamba zili kukuyembekeza kumunzi, iwe uganiza za nyumba ya bazungu?" Nyambe anakweza mawu mpaka azimayi otsuka mbale anatembenuka. "Vipupa ivi ndiye vinamumaliza tate wako. Manje na iwe futi?"

Liseli anapinda jekete n'kuliika pa mulu umene unali pafupi. Amayi ake anangoti, "Musiyeni, mulamu," motopa, ngati munthu wopempha kuti atsitse wailesi.

Kutacha, Nyambe ananyamula chikwama chake nanena kuti amuperekeza Liseli kusitolo kuja, kenaka aone ndi maso ake kuti wakweradi basi. Mbololwa anati akawapeza ku siteshoni. Awiriwo anakwera minibasi yopita m'tauni. Liseli anafungatira kamera ya bambo ake pamiyendo, akuyang'ana anthu otsekula timasitolo tawo ndi ana a yunifolomu akuwoloka msewu. Zonse zinkachitika monga mwa masiku onse, ndipo iye ankangoziona ngati za pa kanema.

Atafika pa sitolo paja anapeza malata a mbali imodzi atasasulidwa kale. Anyamata ogwetsa nyumbayo anali atakhala pansi pa mtengo wa mango akumwa tiyi, nyundo zawo zili pambali. A Kasonde anali atatulutsa makina awo osokera n'kuwaika m'mbali mwa msewu, atawafunditsa chitenje. Anali bambo wachikulire, wa magalasi omangidwa ndi ulusi. Anagwira dzanja la Liseli ndi manja onse awiri, napepesa, kenaka anapereka moni kwa Nyambe.

"Banagwela apa," anatero, akuloza pansi.

Liseli anayang'ana. Panali mchenga basi, ndi kachivindikiro ka botolo.

Anaimika miyendo ya kamera pomwepo, monga bambo ake anamuphunzitsira ali kusekondale. Dzuwa linali litangofika pa mizati ya khonde. Pamwamba pa chitseko pankaonekabe zilembo za dzina la mwini sitolo woyamba, zitafufutika moti sizinkawerengeka. Anaika diso pa kamera. Nyambe anayang'ana wotchi yake n'kutsonya.

"Yembekeza, mwana wanga," anatero a Kasonde. "Ba Lubosi sibenze kuyamba so."

Liseli anadzutsa mutu.

"Bwelani muone."

Anawatsogolera kumbali kwa nyumbayo, m'kanjira kopapatiza kodzaza zigamba za nsalu. Pakhomapo panali kawindo kakang'ono, kofika m'chifuwa mwa munthu, kokhomedwa ndi matabwa. Simenti ya m'munsi mwake inali yosalala, yonyezimira, itaperepeseka ndi zigongono za anthu.

"Kale bantu bakuda sibenze kungena pa chitseko," anatero telala uja. "Benze kugulila apa. Ba Lubosi bakabwela, poyamba benze kufika pano. Bagwada, baomba m'manja mwa Chilozi, monga mwamene mupasila moni bakulu. Ndiye bayenda ku kamera. Ninabafunsa tsiku lina. Banati amai bao benze kuimilila apa pa dzuwa, beve bali kumusana."

Liseli anali asanamvepo zimenezi. Bambo ake sankakamba za ubwana wawo. Ankangodziwa kuti agogo ake aamuna anagwirapo ntchito ya njanji m'tauni muno asanabwerere ku Senanga.

Anatembenukira kwa Nyambe kuti amufunse. Koma Nyambe sankamuyang'ana. Anali atatsitsa chikwama chake pansi, maso ali pa kawindoko.

"Ine nenze kugwila chitenge cha amai," anatero motsitsa mawu. "Kuwindo sinenze kufika. Nenze kuona chabe kwanja kutuluka na shuga." Anakhudza simenti yosalala ija. "Lubosi anali kamwana. Angakumbukile bwanji? Nine ninamuuza."

Kutsogolo, mmodzi wa anyamata aja anafuula kufunsa ngati atha, poti iwo akufuna kuyamba. A Kasonde anamuyankha kuti adikire kaye.

Nyambe anavula chipewa n'kumupatsira Liseli kuti amugwirire. Anakoka thalauzi lake m'mwamba pang'ono, nagwira khoma ndi dzanja limodzi. Mawondo ake anali a munthu wokalamba, ndipo anatsika movutikira, bondo limodzi kenaka linalo, pa zigamba za nsalu zija. Atakhazikika anaweramitsa mutu, nayamba kuomba m'manja pang'onopang'ono, zikhato zili zofumbata.

Liseli anaima kumbuyo kwake, chipewa chili m'manja, mpaka anamaliza.